Gulu la Mbumba ya Agogo: za malata ndi gawo la mwana wa ku UK

Lachitatu, 13 Ogasiti 2025

Malume Aakulu: Mwadzuka bwanji nonse. Dzulo ndinali kumudzi. Denga la nyumba ya amayi lafika poipa, udzu chiswe chadya ndipo mtanda wa kuchipinda wapindika. Sitingalole kuti mvula ya chaka chino iwapezenso akusuntha mphasa usiku. Mmisiri wawerengera malata 44, mitengo, misomali ndi malipiro ake, zonse K4,200,000. Ndikufuna tigule chisankho cha pa 16 Seputembala chisanafike, mitengo ya zinthu sikudikira munthu.

Mayi Aang'ono a ku Ntcheu: Zoona achimwene. Mu Febuluwale ndinkachita kutchera mabeseni atatu m'chipindamo.

Malume Aakulu: Ndagawa chonchi. Ine K900,000. Achemwali a ku Blantyre K500,000. Wa ku Joni K800,000. Wa ku Mzuzu K300,000. A ku Ntcheu K200,000 ndi chakudya cha amisiri. Naphiri K1,500,000, poti ali ku mapaundi ndipo ino ndi nthawi ya holide kumeneko.

Achimwene a ku Joni: Yanga ibwera pa Mukuru mwezi ukatha.

Amayi a ku Blantyre: Achimwene, tiyeni timudikire mwanayo ayankhe yekha. Wagwira ya usiku, ali mtulo.

Naphiri: Mwaswera bwanji malume, amayi, nonse. Ndadzuka kumene. Nkhani ya denga ndagwirizana nayo ndi mtima wonse, agogo ndi amene anandilera ndili ku pulayimale. Koma K1,500,000 mwezi uno sindingaipeze, ndipo ndipemphe mundilole ndifotokoze bwinobwino kuti pasakhale woganiza kuti ndikuumira.

Malume Aakulu: Fotokoza mphwanga, tikumva.

Naphiri: Viza yanga ndi ya sukulu. Imandilola kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata nthawi ya maphunziro. Sabatayo amawerenga kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, ndipo iliyonse imaima payokha. Sindingagwire maola 10 sabata ino kenako 30 sabata yamawa n'kumati zafanana. Ndikakhala ndi mabwana awiri, maola a konsekonse amaphatikizidwa.

Naphiri: Malipiro otsikitsitsa kuno kuyambira Epulo ndi £12.21 pa ola kwa wa zaka 21 kupita m'mwamba, ndipo ndi omwe ndimalandira kunyumba yosamalira okalamba. Maola 20 ndi £244 pa sabata, pa mwezi kungodutsa pang'ono £1,000. Boma la kuno lenilenilo limati mwana wa sukulu wokhala kunja kwa London amafunika £1,136 pa mwezi kuti adye ndi kugona. Ndiye ngakhale ndigwire maola onse ololedwa, sindifika pa ndalama imene iwo eni amati ndi yongokhalira moyo. Lendi ya kachipinda kanga ndi £560, basi yopitira kuntchito, chakudya, foni, zatha.

Malume Aakulu: Koma si uli pa holide? Mwana wa anzanga a kutchalitchi ali komweko, akuti kuyambira Juni akugwira tsiku lililonse.

Naphiri: Ameneyo ayenera kuti ali pa digiri yoyamba, malume. Iwowo sukulu imatsekeradi mu Juni, ndipo pa holide lamulo limawalola kugwira maola onse. Ife a masitazi ya chaka chimodzi miyezi inoyi ndi imene timalemba kafukufuku. M'kalasi sitilowa, koma yunivesite yanga imawerenga kuti teremu ikupitirira mpaka tsiku lothera kosi, 26 Seputembala. Ndinapita ndekha ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja kukafunsa, chifukwa nanenso ndinkaganiza ngati inuyo. Anandipatsa kalata ya masiku a teremu, ndipo abwana anga ali nayo mu failo. Lamulo limawauza kuti azisunga kalata imeneyo.

Achimwene a ku Joni: Chemwali, kuno nako viza ya sukulu imati maola 20 omwewo, koma ndimawaona anyamata akugwira usana ndi usiku. Sungapeze ganyu wolipira pamanja? Kukolopa m'nyumba za anthu, kutsuka mbale kumalo odyera, zosalemba paliponse?

Naphiri: Achimwene, ganyu woteroyo alipo, ndipo anandiitanapo. Ndinakana. Kupitirira maola ndi mlandu, amati wagwira ntchito mosaloledwa. Home Office, ofesi ya boma yoona za maviza, ikhoza kudula viza, ndipo yunivesite ikadziwa imakakamizika kukanena, apo ayi nayonso ilandidwa chilolezo cholandira ophunzira akunja. Wolemba ntchitoyo chindapusa chake chimafika £45,000 pa munthu mmodzi koyamba, £60,000 akabwereza, anakweza mu Febuluwale 2024. Ndiye bwana wolongosoka sayerekeza n'komwe. Amene amavomera ndi aja amakulipira theka, tsiku lina osakulipira, podziwa kuti sungakadandaule kulikonse.

Amayi a ku Blantyre: Iwe wa ku Joni, usamuphunzitse mlongo wako zimenezo. Ng'ombe ziwiri za malemu bambo anu zinapita pa fizi imeneyi, ndi puloti ya ku Chileka. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi. Abwere chimanjamanja chifukwa cha malata?

Achimwene a ku Joni: Pepani amayi, sindinaganize zofika kumeneko. Ndimangofuna njira.

Mayi Aang'ono a ku Ntcheu: Nanga zoluka tsitsi bwanji mwana wanga? Dzanja lako ndi labwino. Kapena tikutumizire zitenje ndi ufa woyera uzigulitsa kwa a Malawi anzako, ndamva kuti kumeneko amazisowa.

Naphiri: Amazisowadi mayi, ndipo tsitsi amalipira bwino kuposa ntchito yangayi. Koma apa lamulo ndi louma kuposa pa maola paja. Pa viza ya sukulu suloledwa kudzilemba wekha ntchito kapena kuchita bizinesi, ngakhale ya ola limodzi. Kuluka tsitsi molipiritsa, kuphika mandasi n'kumagulitsa, kutsatsa zitenje pa Facebook, zonsezo ndi bizinesi. Ngakhale zoperekera chakudya pa njinga za Deliveroo ndi Uber Eats sitiloledwa, chifukwa kumeneko amakutenga ngati wodzilemba wekha. Anzanga ndimawaluka ulere Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, basi.

Mayi Aang'ono a ku Ntcheu: Ha, dziko loletsa munthu kugulitsa mandasi!

Naphiri: Eni dziko amagulitsa mayi. Ife anatipatsa viza kuti tiphunzire, ntchitoyo anangotiwonjezera pang'ono. Chomwe chimandiwawa ndi choti kuntchito anthu ndi operewera. Loweruka lapitali manejala anandiimbira kuti wina wadwala, ndibwere ndigwire maola 12. Ndinali nditagwira kale 16. Ndinati ndingathe anayi okha. Agogo ena amene ndimawasambitsa anandigwira dzanja kuti ndisapite, ine n'kumayang'ana wotchi. Ndinatuluka misozi ili m'maso.

Malume Aakulu: Koma angadziwe bwanji iwowo utawonjezera maola awiri okha?

Naphiri: Malipiro onse amadutsa ku HMRC, a msonkho, pa nambala yanga ya National Insurance. Akaona ndalama n'kugawa ndi malipiro a pa ola, maola aonekeratu. Mwina lero sangafunse, koma tsiku limene ndidzapemphe viza ina akhoza kuunika za m'mbuyo, ndipo kuphwanya malamulo a viza yakale ndi chifukwa chokwanira kukukanira yatsopano. Ndimalemba maola anga m'kabuku tsiku lililonse, ngakhale mphindi 15 zodikira wondilandira shifiti.

Msuweni wa ku Mzuzu: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Asuweni, mwandidodometsa. Ine K300,000 ija ndimafuna ndipemphe kuti andichotsere, chifukwa ndikusunga ya ulendo wa kusukulu ku UK chaka chamawa. Ndimaganiza kuti ndikangolipira gawo loyamba la fizi, yotsalayo ndikaipeza komweko ndi maganyu, ndipo mayi a mwana akagwira ntchito yonse.

Naphiri: Asuweni, bola mwanena lero. Fizi simungailipire ndi maola 20, mwaona nokha kuti ndi lendi yomwe imavuta. Asanakupatseni viza amafuna aone ku banki fizi yotsala ya chaka choyamba, kuphatikiza £1,136 ija kuchulukitsa ndi miyezi 9, ndipo ikhalemo masiku 28 osatsika. Palinso £776 ya chipatala pa chaka, yolipiriratu. Za alamu ndiye zinasintha mu Januwale 2024. Wa masitazi yophunzira m'kalasi ngati yangayi sabweretsanso mkazi kapena mwana. Zinatsalira a PhD, a masitazi ya kafukufuku, ndi otumizidwa ndi boma.

Msuweni wa ku Mzuzu: Koma ejenti amene akundipezera sukuluyo anandiuza kuti zonse zimatheka.

Naphiri: Mufunseni akuonetseni pamene zalembedwa pa tsamba la boma la UK. Ndiponso muonetsetse kosi imene akukupezerani. Ikakhala yosafika pa digiri, maola ndi 10 okha, osati 20. Tiimbirane Lamulungu madzulo ndikuonetseni mapepala anga onse musanamupatse ndalama ina.

Malume Aakulu: Iwe wa ku Mzuzu, za ejenti ameneyo ine bambo ako ndikuzimva lero pa gulu? Tikambirana patokha. K300,000 ija ikhalapo.

Msuweni wa ku Mzuzu: Chabwino bambo.

Amayi a ku Blantyre: Tibwerere ku denga. Naphiri, nena chimene ungathe, usadzipanikize.

Naphiri: Lachisanu ndikalandira nditumiza £100, ndiyo ndingachotse osakhudza lendi. Kosi ikatha pa 26 Seputembala ndiloledwa kugwira maola onse mpaka viza itatha, ndipo amatipatsa miyezi inayi yapamwamba. Chokhacho sindingasaine ntchito yokhazikika, koma mashifiti manejala wanena kale kuti alipo ambiri. Malipiro oyamba odzadza ndidzalandira kumapeto kwa Okutobala. Pamenepo ndikhoza kutumiza K800,000.

Malume Aakulu: Osati yonse K1,500,000?

Naphiri: Ndikanakonda malume, koma pofika Januwale ndiyenera kukhala ndi ya Graduate visa, ija imalola womaliza sukulu kukhala zaka ziwiri akugwira ntchito. Kupempha kwake ndi £880, ya chipatala £1,035 pa chaka, zaka ziwiri zolipiriratu. Zonse pamodzi £2,950. Ndikaiphonya imeneyo ndiye kubwerera ndisanabweze kalikonse pa ng'ombe zija. Ndikaipeza, malire a maola atha, ngakhale tsitsi lija ndiyamba kuluka poyera. Pamenepo siling'i ndi simenti ya pansi m'nyumba ya agogo mudzandisiyire ine.

Achimwene a ku Joni: Ndiye tichite chonchi. Malata ndi misomali tigule pano ndi ndalama za ife tili nazo, chifukwa ndi zimene zimakwera. Mmisiri apatsidwe theka poyamba, theka linalo adzalandire kwa Naphiri mu Okutobala. Ine ndiwonjezera K300,000 pa yanga ija, ndigwira Loweruka awiri owonjezera.

Mayi Aang'ono a ku Ntcheu: Mitengo musagule yonse. Bulugamu amene anabzala malemu bambo kuseri kwa dimba wakula, tingadule khumi. Ndilankhula ndi anyamata ocheka, ndiye pa mitengo patsika ndithu.

Amayi a ku Blantyre: Ine ndiwonjezera K100,000, ya ku banki m'khonde tigawana kumapeto kwa mwezi.

Malume Aakulu: Ndawerengera. Ndi mitengo ya kudimba, ndi zowonjezera za wa ku Joni ndi achemwali, ndi £100 ya Lachisanu, malata onse 44 akwanira. Mphwanga, ndinakuikira mtolo ndisanakufunse, ndinkangomva za anthu. Usapitirire ngakhale ola limodzi chifukwa cha ife. Lemba kafukufuku wakoyo umalize.

Naphiri: Zikomo malume. Ndatsala ndi mutu umodzi ndi kukonza zimene aphunzitsi anandibwezera.

Malume Aakulu: Ndalama zonse zipite kwa a ku Ntcheu pa Airtel Money kapena Mpamba pofika pa 31 Ogasiti, ndipo aliyense akatumiza aponye umboni pano. Ine ndipita pa 6 Seputembala, tikagule limodzi ndi mmisiri pa boma. Malata akhale a geji 28, osati opyapyala aja amachita dzimbiri zaka ziwiri.

Achimwene a ku Joni: Nanga agogo akagona kuti masiku ofolerawo?

Mayi Aang'ono a ku Ntcheu: Kwanga, chipinda cha ana chili chokonzeka. Ndawawerengera zonsezi ali pakhonde akusenda nandolo. Akuti muuzeni Naphiri asamagwire ya usiku yokhayokha, adzadwala ndi kuzizira. Akufunsanso ngati ufa uja unafika.

Naphiri: Unafika mayi, watsala theka. Auzeni ndiwaimbira Loweruka m'mawa ndikaweruka, cha m'ma 9 koloko ya kwanuko. Foni ikhale ndi moto.

Mayi Aang'ono a ku Ntcheu: Ndikaitchajitsa kumsika Lachisanu. Anyamata ocheka ndawapeza, akuti ayamba Lolemba kuti mitengo iume.