Ma alumni akutiyesa a Loans Board, thandizeni

WaAlumniDesk: Anzanga ndatopa. Khonsolo ya yunivesite yathu yalamula kuti endowment (thumba la ndalama zopereka zomwe zimasungidwa kuti sukulu izigwiritsa ntchito phindu lake) iyambe chaka chino, ati mbiri ya sukulu ikwere, ana okhoza bwino MSCE azitisankha ife poyamba pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite. Ndatenga manambala a ma alumni (omwe adaphunzira kuno) ku registry, ndamwaza ma SMS opempha ndalama, Airtel Money ndi Mpamba zili pomwepo. Zomwe zalowa sizikubweza ngakhale mtengo wa ma SMS. Ndikaimba akudula. Wina wachita kundikalipira, "ngongoleyo akundidula kale pa salale, mundisiye!" Bwana akufuna lipoti Lachisanu. Inu mumatani?

MkuluWaAkaunti: Musanavutike ndi mafoni, ndalamazo muzisunga mu chiyani? Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Endowment ya makwacha ndi kutunga madzi ndi dengu. Mangani hostel, ana azilipira lendi.

MayiWaRegistry: Achimwene, manambalawo anakupatsani ndani? Lamulo loteteza zinsinsi za anthu lidabwera 2024. Munthu adapereka nambala polembetsa sukulu, osati kuti muzimupempha ndalama. Akadandaula wina, bwana adzakukanani masana dzuwa likuswa mtengo.

Chikonga88: Kkkk ife tidapanga dinala ya fundraising ku hotela. Bandi, zokongoletsa, mphatso ya mlendo wolemekezeka. Anthu adalonjeza mamiliyoni maiki ali kukamwa, m'manja phwaphwaphwa. Mpaka lero malonjezo aja ali mufailo yobiriwira pa shelefu panga, ngongole ya hotela tidalipira ndi bajeti ya stationery.

WaAlumniDesk: Dinala yomweyo ndi imene bwana akufuna. Akuti Harvard ili ndi madola oposa 50 biliyoni, ife tikulephera chiyani.

MkuluWaAkaunti: A Harvard amasunga makwacha? Ndanena kale, hostel.

MayiWaRegistry: China, onani amene mukuwaimbirawo akudziwa kuti ndi anu? Bunda idachoka ku University of Malawi kukhala LUANAR, 2021 Poly idasanduka MUBAS, College of Medicine ndi KCN (koleji ya anamwino) zidakhala KUHeS. Munthu wa m'ma 90 satifiketi yake imati University of Malawi, koma mtima wake uli pa koleji yomwe adagona. Sindikudziwa muli sukulu iti, koma dzina pa SMS likasiyana ndi lomwe iye amalidziwa, ayesa mbava za pafoni.

Chikonga88: Zoona mayi. Komanso wina adandiyankha kuti adayenda miyezi inayi kufuna transcript, ntchito ya ku Johannesburg mpaka idamudutsa, lero tikufuna ndalama zake? Ndidangoti pepani bambo. Chomwe chidatiyenderako ndi magulu a WhatsApp a kalasi iliyonse. Mupeze mmodzi amene anzake amamumvera, muwauze kuti pali mwana wa chaka chachiwiri watsala pang'ono kusiya sukulu chifukwa cha fizi. Amasonkha usiku womwewo, a ku UK ndiwo amayamba. Koma risiti ya fiziyo muiponye pagulupo, mukapanda kutero simudzawaonanso.

MkuluWaAkaunti: Imeneyo ndi bursary, thandizo la fizi chabe, si endowment, auditor adzakufunsani. Ndipo fizi ikakwera chaka chamawa musonkhanso? Hostel siyigwa mtengo.

Chikonga88: Akulu, hostel yanuyo imangidwa ndi ndalama ziti poti SMS yomwe sinabweze? Paja inu allowance ya workshop ya ku Mangochi ija munalandira? Ife mpaka pano zii.