Akuti mwana wanga ndi wopulupudza m'kalasi, ndiyambire pati?

Mayi wa ku Chilomoni:
Abale, ndigawireniko nzeru. Mnyamata wanga ali ndi zaka 8, ali sitandade 3. Aphunzitsi ake akudandaula kuti sakhazikika, amangodzukadzuka ndi kutsamira anzake. Anzake akamaliza kukopera bolodi lonse, iye amakhala ali pa mzere wachiwiri. Polemba nkhope amaigunditsa pa kope, pensulo kuikanikiza mpaka pepala kubooka. Kunyumba n'chimodzimodzi, tiyi safika naye patebulo asanataye, mawondo ndi zipsera zokhazokha. Bambo ake akuti mankhwala ake ndi chikwapu. Koma mwanayu mukamuuza nthano amaibwereza yonse osaphonya.

Mphunzitsi wa ku Bangwe:
Mayi, chikwapucho chiyambe chadikira, muyambe ndi maso. Mwana wosaona patali sanena, amaganiza kuti aliyense amaona bolodi mwa chimbuuzi chomwecho. Ndiye amadzuka kuti ayandikire kapena kusuzumira kope la mnzake, ife m'makalasi odzazawa n'kumati akusokoneza. Pitani naye ku Gulupu, ku chipatala cha maso cha Lions. Akamuimika mamita 6 kuchokera pa tchati n'kuyeza diso limodzilimodzi. Panopa pemphani kuti azikhala kutsogolo.

Wa mafizo:
Aphunzitsi anena zoona, koma kubooka kwa pepalako ndi kugwaigwako kukundiuzanso zina. Kuti munthu aime chilili osadzandira, ubongo umadalira zinthu zitatu: maso, mkati mwa khutu, ndi minofu pamodzi ndi molumikizana mafupa. Mkati mwa khutu muli timachubu titatu tokhota tokhala ndi madzi. Mutu ukatembenuka madziwo amasuntha, ubongo n'kudziwa. Timachubu tomweti ndi timene timathandiza maso kusataya chimene akuyang'ana mutu ukamayenda. Tsono ganizirani kukopera: mutu ku bolodi, mutu pa kope, kubwerezabwereza. Pamenepo pakavuta mwana amasokoneza mzere, amatopa, basi amasiya.

Minofuyo ndi imene imakuuzani pamene pali dzanja lanu osaliyang'ana, komanso mphamvu zimene mukugwirira chinthu. Uthenga umenewu ukamafika mofooka, mwana amakanikiza pensulo, amagunda zitseko, amatsamira anzake kuti alimve thupi lake. Anthu amati ndi ndewu, pomwe mwiniwake sakudziwa n'komwe.

Tamuyesani aime ndi mwendo umodzi. Wa zaka 5 amatha kufika masekondi 10, wanuyo ayenera kupitirira. Kenako atsinzine, muone kusiyana kwake. Komanso ndifunse, anayamba watulukapo mafinya m'khutu, kapena kudwala malungo aakulu okomoka nawo aja? Malungo amenewa amasiyira ana ena vuto la khalidwe ndi kaphunziridwe.

Mayi wa ku Chilomoni:
Malungo okomoka ayi, koma mafinya inde, khutu la kumanzere, ali wamng'ono. Ndamuyesa pakhonde pano. Akuyang'ana akuimako pang'ono, koma atangotsinzina wagwira khoma.

Wa mafizo:
Ndiye tsiku lomwelo mukachoka kwa a maso mukapemphenso kuti amuone makutu, ku Gulupu komweko kuli mbali yake. Akaona kuti m'pofunika mafizo adzakuuzani kopita, ku chipatala cha mafizo cha Kachere amathandizanso zoterezi.

Agogo a ku Ndirande:
Mwanawe, kuchipatalako upite, koma usamutsekerenso m'nyumba poopa zipsera. Musiye azimenya chikulunga, azidumpha chingwe, azikutungira madzi m'kandowa kakang'ono. Bambo akewo uwatenge akamve okha kwa adokotala, chifukwa ukakawafotokozera iwe sakakhulupirira.