Mwana akufuna kukhala woimbitsa orchestra, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Abale, ndili ku Cape Town, ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Mwana wanga wakakamira kuti adzakhala kondakitala wa orchestra, aja amaima kutsogolo ndi kandodo. Bambo ake anathawira ku Joni, olo randi imodzi satumiza, koma pafoni ndi amene amalamula kuti mwana aphunzire zamagetsi. Alandilodi nawo akudandaula phokoso, chikhalirecho denga likudontha sakonza. Kodi ntchitoyi imadyetsa? Ayambire pati?

Kwayamasitala: Mayi, palibe chachilendo apa. Ine ndaimbitsa kwaya kuyambira nthawi ya Kamuzu, ndi manja okha, popanda kandodo. Aphunzire solofa basi!

Wa ku Wynberg: Ali ndi zaka zingati? Nanga amaimba chida chanji? Okondakita ambiri amayamba ndi chida. Brandon Phillips ankaimba bassoon (chitoliro chachitali cha mawu a besi) mu orchestra ya Cape Town Philharmonic asanapambane mpikisano wa okondakita wa Len van Zyl mu 2010.

Kwayamasitala: Chida cha chiyani? Mawu a munthu ndiye chida cha Mulungu. Ana a masiku ano sadziwa ngakhale doh.

Nachisale: Bamboyo mukamusumire kukhoti la maintenance. Wanga anandizunza chimodzimodzi mpaka ndinagulitsa firiji.

Mjomba: Kulipidwa chifukwa chogwedeza kamtengo? Ndilembeni ntchito, ndimathamangitsa ntchentche bwino 😂

Wa ku Wynberg: Mjomba, ntchito yeniyeni imachitika pokonzekera. Amawerenga manotsi a zida zonse nthawi imodzi, n'kumva kuti mwa anthu 80 walakwitsa ndi uti. Gustavo Dudamel anayamba ndi vayolini mu El Sistema, pulogalamu yophunzitsa ana zoimba ku Venezuela, anapambana mpikisano wa okondakita ku Bamberg ku Germany mu 2004, pofika 2009 n'kuti akutsogolera Los Angeles Philharmonic. Koma mipando yotere ndi yochepa, ambiri amadyera kuphunzitsa. Mayi, kafunseni ku South African College of Music, sukulu ya zoimba ya ku yunivesite ya Cape Town (UCT), ndipo piyano ayambiretu.

Kwayamasitala: Dudamelyo angaimbitse kwaya ya amayi pamaliro, mvula ikugwa? Ine anandilanda ukwayamasitala chifukwa cha nsanje ya mlembi wa mpingo, koma mpaka lero akundifuna.

Nachisale: Achimwene, funso si la inu.

Kwayamasitala: Ndiye mufunse amene akudziwa!

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Nachisale, khotilo amafuna mapepala anji? Alandilodi abweranso m'mawa uno.

Wa ku Wynberg: Mayi, zaka za mwanayo?