Tithandizeni: wophunzira bioethics ayambire pati kuno ku Mangochi?

Akuluakulu, tikupempha nzeru. Tikulangiza mtsikana wina amene ali ndi digiri ya unamwino ndipo akufuna kukhala katswiri wa bioethics, woona kuti anthu olowa m'kafukufuku wa zaumoyo sakuphwanyiridwa ufulu. Declaration of Helsinki ya 1964, chikalata cha mfundo zoteteza anthu m'kafukufuku wa zamankhwala, anaiwerenga kale, ndipo akudziwa kuti kafukufuku asanayambe amafunika chilolezo cha komiti younika kafukufuku, monga COMREC ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo.

Pa digiri yachiwiri alowe public health (maphunziro a umoyo wa anthu onse) kenako awonjezere bioethics, kapena alunjike ku bioethics? Ife tikuona kuti amene wayamba wadziwa kasanthulidwe ka manambala ku public health amaunika bwino mapulani a kafukufuku, koma tikufuna kumva kwa inu amene mumalemba anthu ntchito. Nanga CEBESA, likulu la bioethics la ku KUHeS, imalandira ongoyamba kumene?

Mutu umene akuufuna ndi chilolezo chimene anthu olowa m'kafukufuku amapereka m'midzi ngati ya ku Lungwena. Vuto lake n'lakuti fomu imalembedwa m'Chingerezi, n'kumasuliridwa m'Chichewa, koma mayi amaimva pakamwa m'Chiyao, ndiye mfundo yakuti atha kusiya kafukufukuyo nthawi ina iliyonse osataya chithandizo cha kuchipatala imasowa panjira. Wosadziwa kulemba amadinda chala pamaso pa mboni yosakhala m'gulu la ofufuza, koma mboniyo ikakhala ya kwa amfumu, ndani angakane? Ndipo mayi wa zaka 16, yemwe mwalamulo akadali mwana, angavomereze yekha kuti khanda lake litengedwe magazi?

Kodi mutuwu ukukwanira pa digiri yachiwiri, kapena audule atenge za mboni zokha?