Mwana uja tamupatsadi dzina lakuti Saoirse

Paja ndinafunsa ngati n'kwanzeru kupatsa mwana wamkazi dzina la ku Ireland lakuti Saoirse, poopa kuti kwathu lidzavuta kutchula. Mwanayo wabadwa kuno ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, ndipo dzinalo tamupatsadi.

Katchulidwe kake sikagwirizana ndi kalembedwe ngakhale pang'ono. Ena amati "Siya-sha", ena amati "Sa-sha" mokoka pang'ono, monga amadzitchulira Saoirse Ronan, katswiri wa mafilimu uja. Ife tasankha "Siya-sha". Tanthauzo lake ndi ufulu, ndipo linayamba kufala m'zaka za m'ma 1920, nthawi imene Ireland inkachoka m'manja mwa Britain. Kuno si dzina lachilendo ayi, moti azamba kuchipatala sanafunse n'komwe kalembedwe kake. Chilendo chake chili kwathu.

Agogo ake ku Dedza atamva pa foni anayamba aseka kaye, kenako anati, "Mukuti Siyasha? Asiye chiyani mwana wobadwa dzulodzuloli?" Titawauza tanthauzo anangoti, "Basitu, ameneyo ndi Ufulu." Ndiye pachikalata ndi Saoirse, koma kumudzi onse akumutchula Ufulu, ndipo bambo akenso ayamba kutero.