Nzoona kuti nduna ya ku Singapore inalowa kundende chifukwa cha njinga?

MphunzitsiWaSocial

Abale mwaswera bwanji. Ndili ndi funso kwa amene mumatsata za ku Singapore kapena muli komweko. Dzulo pa tiyi ku staff room mnzanga wina amalimbikira kuti m'chaka cha 2024 nduna ina kumeneko inamangidwa chifukwa cholandira njinga ndi matikiti okaonera mpira, ine ndinatsutsa kuti ayi nkhaniyi yathiridwa mchere, munthu wa udindo wotero sangalowe kundende pa njinga, payenera kuti panasowa ndalama zankhaninkhani za boma. Akutinso mtsogoleri wa dziko anasintha popanda chisankho. Ana a Form 3 amakonda kundifunsa za kadziko kameneka poti kanalandira ufulu mu 1965, chaka chimodzi titangolandira ife, nde sindikufuna kuwauza zongomvera m'maluwa. Amene mukudziwa ndithandizeni chonde, chaka chimenechi chinayenda bwanji kwenikweni?

WakuClementi

Aphunzitsi, anzanuwo sananame kwenikweni koma anadula nkhani. Ine ndili kuno pa maphunziro kuyambira 2023 ndipo mlanduwu ndinautsata tsiku ndi tsiku. Ndunayo ndi S. Iswaran, anali nduna ya zamtengatenga ndipo ndi mmodzi mwa anthu amene anabweretsa mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 wausiku uja kuno. Bungwe lawo lolimbana ndi katangale, CPIB, linamugwira mu Julayi 2023, mu Januwale 2024 anatula pansi udindo nkupita kukhoti. Njinga inalipodi, ya Brompton zopinda zija, koma panalinso matikiti a Formula 1, matikiti a mpira wa Premier League ndi a zisudzo ku London, mabotolo a wiski, ndodo za gofu, ulendo wa pa ndege ya munthu wina kupita ku Doha, zonse pamodzi zopitirira madola a kuno 400,000, ndipo zinachokera kwa amalonda awiri, mmodzi wa iwo Ong Beng Seng mwini mahotela amene ali ndi chilolezo cha mpikisano uja.

Pamene ndikufuna mumvetse bwino ndi apa: ndalama ya boma siinasowe ngakhale imodzi. Poyamba ankamuimba milandu ya ziphuphu koma tsiku loyamba la mlandu, pa 24 Sepitembala, a boma anaisintha, iye nkuvomera milandu isanu, inayi ya pansi pa gawo 165 la malamulo awo ndi umodzi wofuna kusokoneza kafukufuku. Gawo 165 limenelo limangoti wantchito wa boma asalandire chinthu chamtengo wapatali kwa munthu amene ali ndi zochita ndi ofesi yake, basi, palibe kufunsa kuti nanga iwe unamuchitira chani pobwezera. Oimira boma anapempha miyezi 6 kapena 7, jaji pa 3 Okutobala anati yachepa, nkupereka miyezi 12, ati udindo ukakula kulakwanso kumakula. Pa 7 Okutobala munthu uja anakadzipereka yekha nkuyamba kugwira ukaidi. Nduna yomaliza kumangidwa kuno zinali mu 1975, nde mutha kuona chifukwa chake anthu mu hawker centre, malo odyera aja, nkhani inali yomweyi sabata yonse, mayi wina amene amatigulitsa khofi anandiuza kuti chimamupweteka si njingayo koma kuti anthuwa amalipidwa kale ndalama zambiri kuti asamasirire za anthu.

Za mtsogoleri nzoonanso. Pa 15 Meyi Lee Hsien Loong anasiya unduna waukulu atakhalapo zaka pafupifupi 20 kuchokera mu Ogasiti 2004, analowa ndi Lawrence Wong, wachinayi chiyambire. Chisankho sichinafunike chifukwa kuno nduna yaikulu imachokera ku chipani chimene chili ndi aphungu ambiri, ndipo chipanicho chinali chitamusankha kale mu 2022. Wong anabadwa mu 1972, anakulira m'nyumba zosanjikizana za boma za HDB ku Marine Parade ngati anthu wamba ambiri kuno, mayi ake anali mphunzitsi ngati inuyo.

Nabanda_Jozi

Achimwene a ku Clementi mwalongosola bwino koma ine ndikupempha aphunzitsi kuti ana aja muwauzenso mbali inayi, asamangomva zokoma zokha. Chipani cha PAP chakhala chikulamula kuyambira 1959 osachokapo, Lee Hsien Loong ndi mwana wa Lee Kuan Yew amene analamula mpaka 1990, ndipo ngakhale anasiya mu Meyi sanapite kukapuma, akadali mu kabineti ngati Senior Minister. Pa chisankho cha 2020 otsutsa a Workers' Party anangopeza mipando 10 pa 93, ndipo mu Okutobala momwemo mmene Iswaran amalowa kundende, mtsogoleri wa otsutsawo Pritam Singh nayenso anali kukhoti pa mlandu woti ananama ku komiti ya nyumba ya malamulo. Mwezi womwewonso mlongo wake wa Lee Hsien Loong, Lee Wei Ling, anamwalira, mng'ono wawo Lee Hsien Yang nkulengeza kuti dziko la Britain lamupatsa malo ngati wothawa kwawo, banja limeneli lakhala likukangana poyera kwa zaka za nyumba ya bambo awo ya pa 38 Oxley Road, kuti igwetsedwe monga bambowo ankafunira kapena isungidwe. Komanso mpaka pano amanyonga anthu pa milandu ya mankhwala ozunguza bongo ndipo mu 2024 ananyongadi angapo. Ine zimenezi zimandikhudza kwambiri, kumanga nduna ndi chinthu chabwino ndithu ndipo ndikuwayamikira, koma dziko limene munthu amayamba wayang'ana uku ndi uku asanadzudzule boma sindingaliike patsogolo pa ana ngati lopanda banga.

MphunzitsiWaSocial

Zikomo nonse awiri, ndagonja kwa mnzanga uja ndipo mawa ndikamuuza. Gawo 165 lija landigwira mtima, kuti mphatso yokhayo ndi mlandu kale. Achemwali a ku Jozi mfundo yanu ndaimva ndipo ndikaiphunzitsa. Koma a ku Clementi tandiuzeni, kwa munthu wamba wokwera basi chakachi chinali chotani?

WakuClementi

Chinali chodula aphunzitsi. Pa 1 Januwale msonkho wa pa katundu, GST, unakwera kuchoka pa 8 kufika pa 9 peresenti, chaka cha 2023 unali utakweranso kuchoka pa 7, nde mbale ya mpunga wa nkhuku imene ndimadya masana inangokwera mwakachetechete. Boma linapereka ma voucha a CDC ku banja lililonse la nzika, madola 500 mu Januwale ndi 300 mu Juni, ogulira zakudya ndi za m'sitolo, koma ife alendo sitilandira nawo, ndipo alendofe tilipo ambiri, chiwerengero cha anthu chinadutsa 6 miliyoni chaka chomwechi pamene eni dziko akubereka pang'ono zedi, mu Febuluwale analengeza kuti chiwerengero cha ana pa mayi mmodzi chatsika kufika pa 0.97.

Zinachitika zambiri, Taylor Swift anaimba masiku 6 mu Malichi mpaka maiko oyandikana nawo kudandaula kuti Singapore inamulipira kuti asapite kwina, mu Meyi ndege yochokera ku London inagwedezeka koopsa mlengalenga munthu mmodzi nkumwalira, mu Juni zombo ziwiri zinagundana padoko la Pasir Panjang mafuta nkudetsa magombe a Sentosa, Papa Francis anabwera mu Sepitembala. Pa 9 Ogasiti, tsiku lenileni la ufulu wawo, mnyamata wa zaka 17 Maximilian Maeder anapata mendulo ya bronze ku Olympics ya Paris, tsiku limenelo ndinaona anthu akuluakulu akupukuta misozi pa TV ya pamalo odyera.

Koma chimene ine sindidzaiwala ndi sitima. Pa 25 Sepitembala, tsiku lotsatira Iswaran atavomera milandu, chitsulo china cha kumawilo chinagwa pa sitima yakale nkuononga njanji ya East-West Line, sitima zinaima masiku 6 pakati pa Jurong East ndi Buona Vista ndipo siteshoni yathu ya Clementi ili pakati pomwepo. Anabweretsa mabasi aulere, mizere inali yaitali mpaka kutuluka panja, ndipo inali sabata imene ana a pulayimale amalemba mayeso awo omaliza a PSLE. M'mawa wina patsogolo panga panali kamtsikana ka yunifolomu kali ndi agogo ake, kakuwerenga notsi zake kataimirira pamzere thukuta lili kamukamu, agogowo akukapepeza ndi katoni. Basi itafika wantchito wovala jekete yowala anafuula kuti ana a mayeso alowe kaye, anthu onse anapatuka popanda wong'ung'udza, ine ndinakwera basi yachitatu ndipo ndinafika m'kalasi nditachedwa ndi mphindi 40. Sitima zinayambanso kuyenda pa 1 Okutobala.