Mlongo wanga wasiya kupita kutchalitchi, ndimuuze chiyani?

Wakwaya:
Abale, ndithandizeni maganizo. Mlongo wanga, chitsirizira m'banja mwathu, ali ndi zaka 26 ndipo ndiye ankatiimbira kiyibodi ku kwaya kuyambira ali kusekondale. Miyezi itatu yapitayo abusa analalikira pa Aroma 1. Atafika pa vesi 26 ndi 27, pamene pamanena za kugonana amuna okhaokha, anakweza mawu, anthu n'kuyamba kuomba m'manja. Ine ndinali pa benchi ya kwaya, ndinamuona mwanayo akuchotsa manja pa kiyibodi n'kuwaika pamawondo. Nyimbo ya chopereka tinaimba pakamwa pokha.

Usiku womwewo anandiuza kuti mtima wake umakopeka ndi amuna anzake, ndipo wakhala akusala kudya ndi kupemphera kuti zichoke kuyambira ali ndi zaka 15. Sanapondekonso. Funso lake ndi lomwe likundisowetsa tulo: "Achemwali, ngati anthu amaombera m'manja chiweruzo changa, ndikatani kumeneko?" Baibulo ndimalikhulupirira, mwanayu ndinamubereka kumsana. Kodi kutchalitchi timapitirako chiyani kwenikweni? Ndimukakamize?

Mkulu wa mpingo:
Pepani mayi. Sindikubisirani, ine ndimawerenga Levitiko 18:22 ndi 1 Akorinto 6:9-10 monga zinalembedwera, kugonana amuna okhaokha ndi tchimo. Koma tawerengani mndandanda wa Paulo mpaka kumapeto. Muli akuba, aumbombo, oledzera, olalatira anzawo. Ndakhala pa ukulu zaka zambiri, ndipo sindinamvepo mpingo ukuomba m'manja abusa akamadzudzula umbombo. Pamenepo aliyense amangoyang'ana pansi.

Chinanso, abusa anuwo anatsekera Baibulo msanga. Chaputala chomwecho cha Aroma chimatchulanso amiseche, odzitama ndi osamvera makolo, kenaka 2:1 imatembenukira woweruzayo, kumuuza kuti alibe chowiringula chifukwa nayenso amachita zomwezo. Paulo anatchera msampha oomba m'manjawo. Yesu pa Marko 2:17 anati ofuna sing'anga ndi odwala. Mnyamatayo malo ake alipo, monga alipo anga.

Mkatolika wina:
Kwathu Katekisimu wa 1992, ndime 2357 mpaka 2359, amasiyanitsa zinthu ziwiri, chikoka chimene munthu ali nacho mumtima ndi zimene wachita. Mchitidwewo sauvomereza, koma amati anthuwo alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, asasalidwe mopanda chilungamo, ndipo akuitanidwa kukhala odziletsa. Papa Francis mu 2013, ali m'ndege pochokera ku Rio de Janeiro, anafunsa kuti iye ndani kuti aweruze munthu wotere amene akufunafuna Ambuye. Chiphunzitso sanachisinthe. Mlongo wanu, malinga ndi zomwe mwalembazi, sanakuuzeni kuti wachita chilichonse. Wakuuzani zomwe akumva.

Mnzanu wa kumbuyo:
Ine ndilankhula zomwe ena sazikonda. Musamuuze mwanayo ngati kuti Akhristu onse amagwirizana pa nkhaniyi, adzazindikira yekha kuti mwamunamiza. Aangilikani pa msonkhano wa mabishopu awo wa Lambeth mu 1998 anati mchitidwewu sugwirizana ndi Malemba, koma mu 2003 mpingo wawo wa ku America unadzoza Gene Robinson, mwamuna wokhala ndi mwamuna mnzake, kukhala bishopu. Otsutsa anakasonkhana ku Yerusalemu mu 2008 n'kuyambitsa gulu lawo lotchedwa GAFCON. A mpingo wa United Methodist nawo anagawikana, ndipo otsalawo mu 2024 anachotsa lamulo loletsa anthu otere kukhala abusa. Mawu achigiriki a pa 1 Akorinto 6:9 aja, arsenokoitai, akatswiri ena amati Paulo ankanena za kugwiritsa ntchito anyamata ndi akapolo mwankhanza, ena amati ayi, ankanena kugonana kulikonse kwa amuna okhaokha. Mbali zonse ziwiri zili ndi anthu ogwada pansi.

Komanso "akhale wodziletsa" n'kosavuta kunena kwa ife amene tikaweruka kutchalitchi timapeza wina kunyumba. Mukumuuza mwana wa zaka 26 kuti akhale yekha mpaka manda. Mwina n'zoona, koma muzinene mawu akunjenjemera. Ndipo musamukoke ayi.

Mkulu wa mpingo:
Pa kumasulirako sitigwirizana, achimwene. Pa kunjenjemerako ndavomera. Ahebri 10:24-25 imati tisaleke kusonkhana, koma chifukwa chake yapereka, kuti tilimbikitsane. Tsiku lija mnyamatayo sanalimbikitsidwe, tinene zoona.

Wakwaya:
Zikomo nonse. Dzulo ndinapita kwake ndi Aroma 2:1 nditaiika chala. Anangoseka pang'ono n'kundiuza kuti vesi imeneyo analoweza kalekale, koma si iye amene akufunika kuimva. Ndinasowa chonena, ndiye tinangokhala. Potsanzikana anandifunsa nyimbo zomwe tikukonzekera mwezi uno, ndinamutchulira, n'kundidzudzula kuti yachiwiriyo timaiyamba pamwamba kwambiri.

Kiyibodi idakali pakona yovundikiridwa ndi nsalu, palibe wina amaidziwa. Lamulungu lapitali abusa anandiimitsa pakhomo kufunsa kuti mnyamata wathu uja wasowa bwanji. Ndinati ali bwino. Ndapempha kuti ndikawaone Lachinayi, koma mlongo wanga wandiletsa kutchula dzina lake, choncho ndikangowafunsa za kuomba m'manja kuja.